Khansa ya M'maŵere ndi Nkhani ya Kumtundu

(Nkhani yoŵerengedwa pa wailesi pa nthaŵi ya zaumoyo)

Aliyense amene adakhalapo pa bwalo la milandu kapena pa mwambo wa maloŵolo m'midzi ya kumwera kwa boma la Mzimba akudziŵa kuti anthu a kumeneko sasoŵa poyambira akafunsidwa za makolo awo. Nkhalamba ya ku Edingeni kapena ku Embangweni ikhoza kutchula atate ake, agogo ake, ndi atate a agogo akewo, mwina mpaka kukafika kwa amene adaoloka mtsinje wa Zambezi pamodzi ndi Zwangendaba m'chaka cha 1835, tsiku limene dzuŵa lidada masana. Chiŵongo cha munthu chimadziŵika, mudzi wa makolo ake umadziŵika, ndipo ena amakumbukira ngakhale maŵanga a ng'ombe zimene zidakaloŵola agogo awo aakazi. Koma nkhalamba yomweyo ikafunsidwa kuti alongo a atate ake adamwalira ndi nthenda yanji, ndiponso kuti adali ndi zaka zingati, yankho limakhala lalifupi: adadwala, adatisiya. Funso laling'ono limeneli ndilo mutu wa nkhani ya lero, popeza alipo mabanja ena amene yankho lake lingathe kupulumutsa moyo wa mwana wamkazi amene pakali pano ali bwinobwino, akusinja pamtondo kapena akulemba mayeso kusekondale.

Omvera ayerekeze mudzi wina pakati pa Embangweni ndi Jenda. Mwini mudziwo adabereka ana asanu, aamuna aŵiri ndi aakazi atatu. Monga mwa mwambo, aakaziwo ataloŵoledwa adapita kukakhala kwa amuna awo: wamkulu ku Euthini, wapakati ku Khosolo, wamng'ono kutsidya kwa malire, ku Lundazi m'dziko la Zambia. Wa ku Euthini adamwalira ali ndi zaka 41, bere lake litatupa ndi kuphulika chilonda chosapola. Anthu a kumeneko adati ndi tsoka la pakhomo pa mwamuna wake. Wa ku Lundazi adamwalira patapita zaka 7, mimba itatupa ngati ya pakati, chonsecho adali atasiya kale kubereka. Anthu a kumeneko adati adadyetsedwa. Midzi iŵiriyi njotalikirana, maliro aŵiriwo adalira anthu osiyana, ndipo palibe amene adaganiza zoika imfa ziŵirizo pamodzi. Tsono lero mwana wamkazi wa mlongo wawo, uja adatsala pamudzi, wapeza kachotupa m'bere lake ali ndi zaka 34. Namwino akumfunsa ngati nthenda yotere idaonekapo kwawo. Iye akuganiza za amayi ake ndi abale a amayi akewo, nayankha ndi mtima wonse kuti iyayi. Sakunama ayi. Iye sakudziŵa chabe kuti azakhali ake aŵiri aja, amene ku Mzimba amawatcha ankhazi, ndiwo amene namwinoyo akufuna kumva za iwo.

Thupi la munthu lidamangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono tosaoneka ndi maso, totchedwa maselo. Maselo amagwira ntchito yawo, amakalamba nafa, ndipo ena amaloŵa m'malo mwawo mwa kugaŵikana paŵiri. Zonsezi zimayenda mwa lamulo. Khansa imayamba pamene selo limodzi laleka kumvera lamulolo niliyamba kuchulukana kopanda malire, mpaka kupanga chotupa chimene chimadya mnofu woyandikana nacho ndi kutumiza mbewu zake ku ziŵalo zina monga mafupa, chiŵindi ndi mapapo. Ikayambira m'njira za mkaka kapena m'timatumba topanga mkaka, imeneyo ndiyo khansa ya m'maŵere. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse, la WHO, lidaŵerengera kuti m'chaka cha 2022 amayi okwana 2.3 miliyoni adapezeka ndi nthendayi, ndipo pafupifupi 670,000 adamwalira nayo. M'Malaŵi muno ili m'gulu la khansa zitatu zimene zimagwira amayi kwambiri, ndipo yotsogola pa zonse ndi ya khomo la chiberekero.

Kuti mitima ikhale pansi, nkofunika kunena msanga kuti khansa ya m'maŵere yambiri si ya kumtundu. Kafukufuku wamkulu amene adafalitsidwa m'chaka cha 2001 m'magazini ya madokotala yotchedwa The Lancet, wokhudza makamaka amayi a ku Ulaya ndi ku America, adaonetsa kuti mwa amayi 9 alionse opezeka ndi nthendayi, 8 alibe mayi wowabereka, m'bale wamkazi wa mimba imodzi, kapena mwana wamkazi amene adaidwalapo. Kafukufuku yemweyo adapeza kuti mkazi amene m'modzi mwa abale apafupi otere adadwala, chiopsezo chake chimakwera pafupifupi kaŵiri, ndipo akakhala aŵiri chimakwera pafupifupi katatu. Komabe ambiri a akazi otere amafika ku ukalamba osadwala konse. Madokotala amaŵerengera kuti mwa odwala 100 alionse, pakati pa 5 ndi 10 ndiwo amene nthenda yawo idachokera ku chilema chimodzi choyenda m'magazi a banja. Chiŵerengero chimenechi nchochepa. Koma m'mabanja oŵerengekawo nthendayi imabwera msanga, imabwera kaŵirikaŵiri, ndipo imatenga amayi amene ana awo akali kusikelo.

Woyamba kulemba za banja lotere adali dokotala wa ku France, Paul Broca, amene ophunzira za udokotala amamdziŵa kwambiri chifukwa cha kufufuza kwake ubongo wa munthu. M'buku lake la zotupa, limene lidatuluka m'chaka cha 1866, iye adalondola mbiri ya banja la mkazi wake kupyola mibadwo inayi, napeza kuti mwa akazi 24 a m'banjamo, 10 adamwalira ndi khansa ya m'maŵere. Broca adalibe makina aliwonse oyezera magazi monga a masiku ano. Chida chake chidali kufunsa akuluakulu a banja, kulemba, ndi kuika imfa imodzi pambali pa inzake. Chida chimenecho chilipo ku Manyamula ndi ku Luwerezi lero lino, ndipo sichigulidwa.

Padapita zaka zoposa 120 chifukwa chake chisanadziŵike. Mayi wina wa sayansi ku yunivesite ya California ku Berkeley, Mary-Claire King, adayamba kufunafuna m'chaka cha 1974, pa nthaŵi imene akatswiri ambiri ankakayika kuti nthenda yofala chotere ingachokere ku chinthu chimodzi chobadwa nacho. Adasonkhanitsa mabanja 23 amene nthendayi idawavuta, nayeza magazi awo zaka ndi zaka osapeza kanthu kogwirika. Njira idatseguka pamene iye ndi anzake adapatula mabanja amene akazi ake adadwala akali aang'ono, kuwasiyanitsa ndi amene adadwala atakula. M'chaka cha 1990 adalengeza kuti malo a chilemacho adziŵika. M'chaka cha 1994 gulu la Mark Skolnick ku Utah, limene lidathandizidwa ndi mabuku a mibadwo ya mabanja osungidwa mosamala m'dera limenelo, lidachipeza chinthucho, chimene dzina lake ndi BRCA1. Chaka chotsatira, 1995, gulu la Michael Stratton ku Britain lidapeza chinzake, BRCA2.

Zinthu ziŵirizi ndi majini. Mawu ameneŵa asasokoneze omvera. Majini a sayansi si aja amene ena amati amagwira munthu namchititsa kubwebweta. Maina okha ndiwo afanana. Jini ndi langizo lolembedwa m'kati mwa selo, louza thupi zochita: lina limanena za msinkhu, lina za mtundu wa magazi, lina za maonekedwe a mphuno. Malangizo ameneŵa adasanjidwa pa timizere 46 totchedwa makromozomu, 23 tochokera kwa atate ndi 23 tochokera kwa amayi. BRCA1 ili pa kamzere ka nambala 17, BRCA2 pa ka nambala 13. Munthu aliyense, mwamuna kapena mkazi, ali nawo majini ameneŵa, ndipo ntchito yawo njabwino: amakonza malangizo a m'selo akaduka kapena akalembeka molakwa pa nthaŵi yogaŵikana.

Anthu oŵeta ng'ombe sangavutike kumvetsa zotsatirazi. Selo lililonse lili ngati khola limene lapatsidwa abusa aŵiri, wina wochokera kwa atate, wina kwa amayi. M'busa m'modzi akagona, mnzake amabweza ng'ombe, ndipo mmera wa eni ake umapulumuka. Kuti ng'ombe ziloŵe m'munda pafunika kuti onse aŵiri agone nthaŵi imodzi, ndipo zotere sizichitika kaŵirikaŵiri. Koma mwana wobadwa ndi chilema cha BRCA amabadwa ndi m'busa m'modzi wolumala kale m'khola lililonse la thupi lake. Wotsalayo amagwira ntchito yekha, mwina zaka 30 kapena 40, popanda chovuta. Tsiku limene adzalephere m'selo limodzi lokha la m'bere, palibenso wina wobweza. Ganizo limeneli, lakuti khansa ya kumtundu imafuna kugwa kuŵiri ndipo kugwa koyamba munthu amabadwa nako, adalifotokoza dokotala wa ku America, Alfred Knudson, m'chaka cha 1971, pofufuza khansa ya m'maso mwa ana aang'ono, ija imachititsa mwanadiso kuoneka woyera ngati diso la mphaka usiku. Ndicho chifukwa chake m'mabanja otere nthenda imafika msanga, ndiponso imatha kugwira maŵere onse aŵiri.

Kholo limene lili ndi chilemachi limapatsa mwana jini limodzi mwa aŵiri ake, labwino kapena lolumala. Motero mwana aliyense ali ndi mwaŵi wofanana, theka kwa theka, woloŵa chilemacho kapena kuchiphonya, monga momwe ndalama yoponyedwa m'mwamba imagwera mbali iyi kapena iyo. Si kuti mwa ana anayi aŵiri ndiwo ayenera kutenga. Atha kutenga onse, atha kuphonya onse. Ndipo amene waphonya sangapatsirenso ana ake. Akale adati make mbuu, mwana mbuu, koma pa nkhani iyi mwambiwo wanena theka lokha. Atate amapatsira chimodzimodzi ndi amayi. Mwamuna atha kusenza chilemachi moyo wake wonse, wamphamvu, wolima maekala ake, nafa ndi ukalamba, koma atachipereka kwa ana ake aakazi. Pamenepo anthu amati nthenda idadumpha m'badwo. Siidadumphe konse, idadutsa mwa mwamuna mosaonekera.

Kukula kwa chiopsezo kudayezedwa bwino m'kafukufuku amene adafalitsidwa m'chaka cha 2017, wotsatira akazi pafupifupi 10,000 okhala ndi chilemachi ku Ulaya, ku America ndi ku Australia. Mwa akazi 100 a BRCA1, pafupifupi 72 adayembekezeka kudwala khansa ya m'maŵere pofika zaka 80. Mwa a BRCA2, pafupifupi 69. Poyerekeza, mwa akazi wamba a ku America ndi pafupifupi 13 pa 100. Majini omwewo amabweretsanso khansa ya m'matumba a mazira a mkazi: 44 pa 100 kwa a BRCA1 ndi 17 pa 100 kwa a BRCA2. Khansa imeneyi imakula mwakachetechete m'mimba, niidzaza madzi, ndipo ndiyo imene ingafanane ndi imfa ya azakhali a ku Lundazi aja. Ziŵerengero zimenezi nzoopsa, koma zinenanso china: mwa akazi 10 obadwa ndi chilemachi, pafupifupi atatu sadwala khansa ya m'maŵere ngakhale atafika zaka 80.

Apa ndi pamene chikhalidwe cha ku Mzimba chikukhudzana ndi nkhaniyi m'njira imene ambiri sadaiganizire. Kwa Acheŵa a ku Dedza kapena ku Dowa, kumene mwamuna amapita kuchikamwini, akazi a mimba imodzi amakhala pamudzi umodzi pamodzi ndi amayi awo ndi ana awo aakazi. Nthenda ikamatsata mbumba imeneyo, mudzi wonse umaiona, manda ake ali pamalo amodzi. Koma mbali ya atate imaiŵalika msanga, chifukwa atatewo ndi mlendo. Kwa Angoni ndi Atumbuka a ku Mzimba zili mosiyana, ndipo mwanjira ina nzovuta koposa. Ana ndi a kwa atate, ndipo maina a amuna amasungidwa bwino. Koma amuna ndiwo amene kaŵirikaŵiri nthendayi siiwaonekera. Akazi a magazi amodzi, amene ndiwo mboni zenizeni, amamwazikana ndi ukwati: wina kuno, wina uko, aliyense kukaikidwa m'manda a kwa mwamuna wake. Amayi nawo adachokera kumudzi wina, ndipo ana awo amadziŵa pang'ono za akulu ndi ang'ono a amayiwo. Boma la Mzimba ndilo lalikulu koposa onse m'dziko muno, la anthu oposa 900,000 pa kalembera wa 2018, ndipo masiku ano ana ake ambiri ali ku Johannesburg ndi ku Cape Town. Motero banja limodzi litha kutaya akazi atatu ndi nthenda imodzi m'maiko atatu, popanda munthu ndi m'modzi yemwe wozindikira kuti imfazo nzachibale.

Ena angaganize kuti izi ndi za Azungu okha, popeza maina onse atchulidwaŵa ndi a kunja. Si choncho. Dokotala wa ku Nigeria, Olufunmilayo Olopade, amene amagwira ntchito ku yunivesite ya Chicago, adatsogolera kafukufuku ku Ibadan, ndipo zotsatira zake zidafalitsidwa m'chaka cha 2018. Mwa amayi 1,136 odwala khansa ya m'maŵere amene adayezedwa, 7 pa 100 alionse adali ndi chilema cha BRCA1, ndipo 4 pa 100 adali ndi cha BRCA2. Kuphatikiza ndi majini ena, adakwana pafupifupi 15 pa 100. Chiŵerengero chimenechi nchokwera kuposa chimene chimapezeka mwa odwala a ku Ulaya. Ku South Africa nako adapeza zilema zina zimene zimabwerezabwereza m'mabanja a Mabuno, ndi china m'mabanja ena a Axhosa, zochokera kwa kholo limodzi lakalekale. Pakati pa Ayuda ochokera kum'maŵa kwa Ulaya, munthu m'modzi mwa 40 ali nacho, pamene mwa anthu ena ndi pafupifupi m'modzi mwa 400. Palibe mtundu wa anthu umene udalambalalidwa, ndipo palibenso chiŵongo chimene munthu angachiloze chala. Chilemachi chimatsata mzere wa kholo ndi mwana, osati dzina.

Nkofunikanso kusiyanitsa, chifukwa si khansa iliyonse yogwira anthu aŵiri a nyumba imodzi imene ili ya kumtundu. Khansa ya khomo la chiberekero imayamba ndi kachilombo ka HPV kopatsirana pogonana, ndipo ndiyo chifukwa chake katemera wake adayesedwa ku Rumphi ndi ku Zomba kuyambira m'chaka cha 2013, nayamba kuperekedwa kwa atsikana a zaka 9 m'dziko lonse mu Januwale 2019. Khomo la chiberekero ndi matumba a mazira ndi ziŵalo ziŵiri zosiyana, ngakhale pa maliro zonse amangoti za m'mimba. Khansa ya pakhungu ya Kaposi nayo imachokera ku kachilombo, ndipo imakula makamaka pamene chitetezo cha thupi chatsika ndi HIV. Anthu a nyumba imodzi amapumanso utsi umodzi, amamwa madzi amodzi, amadya za m'nkhokwe imodzi. Zimene zimachititsa dokotala kuganiza za magazi ndi zina: mkazi kudwala asanafike zaka 50, makamaka asanafike 40, nthenda kugwira maŵere onse aŵiri, khansa ya m'maŵere ndi ya m'matumba a mazira kupezeka m'banja limodzi, mwamuna kudwala khansa ya bere, ndi abale aŵiri kapena atatu a mbali imodzi kudwala. Mbali imodzi ndiyo mfundo. Azakhali ndi amayi aang'ono saŵerengedwa pamodzi, chifukwa magazi awo ngosiyana.

Pamene imfa zofanana zitsatana m'banja, mtima wa munthu umafuna wolakwa. M'midzi yambiri chala chimaloza agogo ena okalamba, kapena mkazi wachiŵiri, kapena m'bale amene walemera. Lamulo la dziko lino, lochokera m'chaka cha 1911, limaletsa kunena munthu kuti ndi mfiti, koma lamulo lokha silichotsa mantha. Chimene chingawachotse ndicho kudziŵa kuti pali chifukwa china chomveka, choyezeka, chimene chidalipo m'thupi kuyambira tsiku lobadwa, chosaponyedwa ndi munthu aliyense. Ndipo miyezi imene imathera m'kufunafuna woloza ndiyo miyezi imene chotupa chimachoka pa kukula ngati nsawa kufika pa kukula ngati dzira. Zonena zakuti kusunga ndalama kapena foni pachifuwa kumabweretsa khansa nazonso zilibe umboni.

Pali ngozi inanso imene nkhani ngati ino ingabale ikamvedwa mwatheka. Akuchimuna, amene adapereka ng'ombe, angayambe kunena kuti adaloŵola nthenda. Anyamata angayambe kuthaŵa atsikana a banja limene lidataya amayi. Kumeneko kungakhale kulakwa kuŵiri pamodzi, kwa nzeru ndi kwa mtima. Nkulakwa kwa nzeru chifukwa mnyamata wothaŵayo atha kukhala kuti ndiye wasenza chilemacho kuchokera kwa atate ake, ndiponso chifukwa theka la ana a banja lotere alibe kanthu. Nkulakwa kwa mtima chifukwa palibe adasankha magazi ake. Banja likaona kuti kunena zoona kutsekera ana ake ukwati, lidzabisa, ndipo kubisa ndiko kumene kwapha amayi ambiri kale.

M'maiko olemera mkazi wa banja lotere amayezedwa magazi kapena malovu, nauzidwa ngati ali nacho chilemacho. Dziko lonse lidamva za zimenezi mu Meyi 2013, pamene katswiri wa mafilimu wa ku America, Angelina Jolie, adalemba m'nyuzipepala ya New York Times kuti adapezeka ndi chilema cha BRCA1, ndipo adasankha kuchotsedwa maŵere onse aŵiri asanadwale. Amayi ake adali atamwalira ndi khansa m'chaka cha 2007 ali ndi zaka 56. M'chaka cha 2015 adachotsetsanso matumba a mazira. Opareshoni yotere imatsitsa chiopsezo cha khansa ya m'maŵere ndi magawo 90 pa 100 kapena kuposa, koma ndi chisankho cholemera, cha munthu wamkulu payekha atalangizidwa mokwanira, ndipo akazi ambiri a chilemachi amasankha njira ina, ya kuyezedwa pafupipafupi. Kuyeza majini kumeneku sikuchitika m'zipatala za maboma kuno. Kumachitika ku South Africa ndi kutali. Mfundo imeneyi njofunika kwa mabanja a ku Mzimba: mwana wawo akadwala ali ku Joni, nayezedwa magazi kumeneko, pepala la zotsatira si lake yekha. Limakhudza akulu ake, ang'ono ake ndi alongo ake amene adatsala kumudzi, ndipo liyenera kufika kwawo monga zifikira ndalama ndi katundu.

Nanga mkazi wa ku Mabiri kapena ku Champhira, amene makina oterowo sadzawaona, achite chiyani? Chimene chimasiyanitsa wochira ndi womwalira kwambiri ndi nthaŵi. WHO imanena kuti m'maiko olemera amayi oposa 90 pa 100 amakhala akali moyo patapita zaka 5 chipezekere nthendayi, pamene ku South Africa ndi pafupifupi 40 pa 100. Kusiyanako kumachokera makamaka ku kuchedwa kufika ndi kuchedwa kulandira chithandizo, ndipo m'Malaŵi muno ambiri amafika kuchipatala nthenda itakula kale. Mkazi aliyense adziŵe maŵere ake, aziwakhudza kamodzi pa mwezi atangotha kusamba, mpaka m'khwapa. Chotupa cholimba, makamaka chosaŵaŵa. Nkhumbu ya bere yoloŵa m'kati pamene kale idali yotuluka. Magazi otuluka ku nkhumbu. Khungu lokhakhala ngati la lalanje. Mwanabere m'khwapa wosaphwa: chilichonse cha izi nchokwanira kunyamukira. Kusaŵaŵa ndiko kumanyenga ambiri, popeza anthu adazoloŵera kuti nthenda yoopsa imapweteka. Zotupa zambiri zimapezeka kuti si khansa, koma zala za mwini wake sizingathe kugamula mlandu umenewo. Mayi woyamwitsa amene chotupa chake sichikutha atamwa mankhwala abwererenso, asangoti ndi mkaka wouma.

Kwa mkazi wa banja lokayikitsa, madokotala amalangiza kuti ayambe kupimidwa ndi wachipatala akali wamng'ono, cha m'ma zaka 25, kamodzi kapena kaŵiri pa chaka, osadikira chizindikiro. Ena amati ayambe zaka 10 asanafike msinkhu umene m'bale wake adadwalira. Kuyamwitsa nthaŵi yaitali, kumene amayi a kumudzi amachita kale, kumathandiza: kafukufuku wa m'chaka cha 2002 adapeza kuti miyezi 12 iliyonse yoyamwitsa imatsitsa chiopsezo ndi magawo pafupifupi 4 pa 100. Moŵa umachikweza.

Njira ya chithandizo imayambira pafupi. Pali zipatala zing'onozing'ono za m'madera, pali chipatala cha boma ku Mzimba, pali cha Embangweni cha Sinodi ya Livingstonia, pa mishoni imene Donald Fraser adatsegula m'chaka cha 1902, pali cha Katete cha Akatolika. Ofunika kuonedwa ndi akatswiri amatumizidwa ku chipatala chachikulu cha Mzuzu, chimene chidatsegulidwa m'chaka cha 2000, ulendo wa makilomita oposa 100 kudutsa ku Chikangawa. Kuti khansa itsimikizike, amadula kanyama kang'ono ka chotupacho nakakayeza pa makina okuza zinthu. Chipatala cha Kamuzu Central ku Lilongwe chakhala ndi malo oyezera otere kuyambira m'chaka cha 2011. Chithandizo chake ndi opareshoni, mankhwala oloŵetsa m'mitsempha, mapiritsi monga tamoxifen amene ena amamwa zaka 5 kapena kuposa, ndi kuwotcha chotupa ndi cheza champhamvu. Kwa zaka zambiri ofuna chithandizo chomalizachi ankatumizidwa kunja, ku India ndi ku maiko oyandikana nawo, ndipo chipatala cha khansa cha dziko lonse chidatsegulidwa ku Lilongwe m'chaka cha 2025. Muyeso umene WHO idaika m'chaka cha 2021 ndi wakuti pasapite masiku 60 kuchokera tsiku limene mayi wafika koyamba kuchipatala kufikira tsiku lodziŵa chimene chili m'bere lake. Masiku 60 ngochepa kwa banja limene liyenera kugulitsa mbuzi kapena kudikira ndalama za ku Joni kuti lipeze yoyendera, ndipo ndicho chifukwa chake mwamuna wa pakhomo ndi apongozi ayenera kuuzidwa tsiku loyamba, osati chotupa chitaphulika.

Amuna asayese kuti iwo ndi akumva chabe. Mwa odwala khansa ya m'maŵere 100 alionse, pafupifupi m'modzi ndi mwamuna, ndipo chilema cha BRCA2 chimakweza chiopsezo chimenechi, pamodzi ndi cha khansa ya prostate, kachiŵalo ka pansi pa chikhodzodzo kamene kamavutitsa amuna achikulire pokodza. Mwamuna amene wapeza chotupa kuseri kwa nkhumbu ya bere lake asachite manyazi kuvula malaya pamaso pa dokotala. Ndipo mwamuna amene alongo ake adamwalira ndi nthendayi ali ndi ngongole kwa ana ake aakazi akakula: kuwauza.

Ntchito ya Paul Broca ingathe kugwiridwa ndi mwana aliyense wodziŵa kulemba. Pafunika kope, ndi mafunso anayi pa m'bale aliyense amene adadwala: ndani, ngwa mbali ya atate kapena ya amayi, nthenda idali pa chiŵalo chiti, ndipo idayamba ali ndi zaka zingati. Ngati zaka sizikumbukika, akuluakulu amakumbukira kuti mwana wake womaliza adali akuyamwa, kapena kuti chidali chaka cha njala ya 2002, ndipo zimenezo nzokwanira. Mibadwo itatu ikalembedwa, zofunikazo zikopedwe m'kabuku ka kuchipatala ka mkazi aliyense wa m'banjamo, kuti namwino akafunsa, yankho lisadalire chikumbumtima cha munthu wamantha. Nthaŵi yofunsira siisoŵa: pa ukwati, pa kumanga chiliza, pa Khirisimasi pamene a ku Joni abwera, kapena pakati pa amayi a Umanyano akatha mapemphero. Amuna a pabwalo sadzadziŵa zambiri, chifukwa za m'thupi la mkazi sizinenedwa pamaso pawo.

M'banja lija la pakati pa Embangweni ndi Jenda, woyenera kufunsidwa poyamba ndi ankhazi a ku Khosolo, amene akali moyo. Ndiwo adapita ku Euthini kukadwazika mkulu wawo, ndiwo adasambitsa mtembo wa mng'ono wawo ku Lundazi, ndipo adaona ndi maso awo bere limene lidatupa ndi mimba imene idadzaza madzi. Nawonso ali ndi ana aakazi atatu, ndipo wamkulu wakwanitsa zaka 30.